Mvula Yokondera ya a Sitima

A Sitima anali mkamwini chabe ku Chiwalo, koma pakamwa ngati eni mudzi. Aliyense wotsutsana nawo ankamutcha wopepera. Ukawafunsa tanthauzo la mawuwo, ankayankha atatukula chifuwa: "Wopepera ndi munthu woti chinthu akuchiona ndi maso, koma mutu ukukana."

Chaka chimene boma linagawa timatumba ta feteleza ndi mbewu taulere, a Sitima anakana kukalandira. Chipani chawo chinali chitagwa pachisankho, ndiye iwo ankati feteleza ameneyo ndi nyambo: ukathira m'munda n'kudya chimanga chake, voti yako yapita.

Akazi awo, a Zelifa, zinawakwana. Chaka chapitacho ana anagonera gaga wopempha, ndipo a Kaliati, mlongo wawo wa a Zelifa, anali atachenjeza kale kuti nkhokwe ikakhalanso mbee, mkamwini aona msana wa njira. Munda unali wa kuchikazi. A Zelifa anakalandira kathumba kawo, n'kuudula mundawo pakati.

"Uku n'kwanga. Uko n'kwanu ndi chipani chanucho."

Pofika Malichi, kwa a Zelifa chimanga chinali bii, china chobereka ziwiriziwiri. Kwa a Sitima chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo.

A Kaliati anabwera n'kuima pamalire. "Alamu, tafotokozani."

Apa munthu akanangovula chipewa n'kupepesa, nkhani ikanathera pomwepo, pakuti a Zelifa, mwatsoka lawo, ankawakondabe amuna awowo. Koma a Sitima anayang'ana kumwamba.

"Mvula ya chaka chino yakondera. Imangogwa mbali iyo."

"Munda umodzi womwewu, alamu?"

"Boma ili simukulidziwa inu. Ndinu opepera."

A Zelifa anakhala pansi pamzere n'kulira, chifukwa anadziwa kuti palibenso chowapulumutsa bambo a ana awo. A Kaliati sanakweze mawu. "Kafuneni munda kumene mvula imakukondani."

M'mawa mwake a Zelifa anawaotchera mondokwa zinayi za paulendo, zothyola mbali yawo yobiriwira ija. A Sitima anazikankhira kumbali, nanyamula mphasa ndi kachikwama mpaka pokwerera minibasi pa Migowi. M'minibasi, m'mimba mukulira ngati chule, ankauza aliyense kuti banja latha inde, koma voti yawo ikadali yawo. Chisankho china chinali kutsogolo zaka zinayi.