Mtedza wa Nelesi

"Sindilandira," ndinatero, maso ali pa mpini umene ndinkasema.

Justina sanadzuke. Anali atagwada pakhomo panga, lichero la mtedza watsopano lili patsogolo pake. Anali mayi wa mtundu wa Asoli, wa tsidya la dambo, kuno ku Bundabunda, kumene ine ndi mkazi wanga Nelesi tinapatsidwa malo olima titachoka ku Fort Jameson.

"Ba Yoramu, mbewu iyi ananipasa ni akazi anu. Simunganibweze nayo."

"Amene anakupatsani ali kumanda. Pitani."

Nelesi anamwalira mu Januwale chaka chomwecho, 1957, mvula ili pakati. Kuyambira pamenepo sindinapondenso kutchalitchi. Anthu anandipalira munda, ena anabweretsa ufa, koma zikomo sanatuluke pakamwa panga. Sindinkaona choyamikira, ngakhale kwa Mulungu.

Mawa lake Justina anabweranso. Anakhala pansi pa msuku, lichero lili pamiyendo, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Ine ndinangosema mpini wanga. Anatsanzika mwaulemu n'kunyamuka.

Tsiku lachitatu kunabwera Abson, mnzanga wa kwathu kum'mawa, amene ankakhala pafupi nane.

"Iwe Yoramu, mutu wakowu tingaperepo mapira," anatero akukhala pamtondo. "Udziwa zimene ucita?"

"Nisema mpini."

"Usema njala ya ana a eni. Cimanga ca mayi uja cinadyewa na nguluwe. Mwamuna wake ali ku migodi ku Broken Hill, zii. Catsala ni mtedza uja. Ndipo pabanja pawo sadya mbewu yopatsidwa mpaka wopatsayo alawe coyamba."

"Adye. Nawaletsa ine?"

"Inde, wawaletsa iwe."

Abson atapita ndinasemabe mpiniwo mpaka unaonda, sukanalowanso khasu. Ndinautaya, n'kuwoloka dambo.

Ndinapeza Justina akusadzula masamba a maungu. Ana ake atatu anakhala m'khonde, mimba zili pamtunda, miyendo ngati mabango. Lichero lija linali pamwamba pa denga, pamene mwana sangafikire. Pafupi panali thandala la mtedza wonse wa m'munda, wouma bwino, ndipo pansi pake sindinaone khoko ngakhale limodzi.

"Amayi," ndinatero, "ana ali ndi njala."

"Niziba, ba Yoramu. Nine ninababala."

Anapukuta manja pachitenje, n'kutsitsa lichero.

"Mulungu ninamuyamika kudala ku chalichi pa Sondo," anatero. "Ba Nelesi siningabapeze. Mwasala ni imwe."

"Ine sindinakupatseni kanthu."

"Munalima na bo. Siku ija banavula duku kumutu, banamangamo mbewu, bati, 'Justina, ikabala unibweletsele, nikalawe ya mu dothi yako.' Banayenda kunyumba mutu ulibe kanthu, zuba ya Novemba. Manje ine nidye cabe monga nguluwe?"

Ndinakumbukira tsikulo. Nelesi anafika kunyumba tsitsi lili mbuu, ndipo ndinamukalipira kuti wataya duku watsopano. Anangoseka, osandiuza kumene anamusiya.

Justina anagwada monga anachitira tsiku loyamba lija, n'kutula lichero pamapazi anga. Ana anasiya kusuntha. Wamng'ono anameza malovu, ndinamva.

Ndinatola khoko limodzi. Linandipulumuka kawiri ndisanaliswe. Munali njere zitatu zofiira, zazikuluzikulu, mtundu umene Nelesi anachoka nawo kwawo titakwatirana kumene. Ndinatafuna. Unali wozuna. Kwa miyezi inayi ndinali ndisanamve kukoma kwa chakudya chilichonse.

"Wabala bwino," ndinatero.

Justina anaomba m'manja pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Ana nawonso anaomba, maso ali palichero. Iye anawayang'ana mpaka anamaliza kuomba bwinobwino. Atatero anawakankhira licherolo, ndipo makoko anayamba kulira.

Mwamuna wamsinkhu wanga sagwadira mkazi wa mwini pabwalo. Koma ndinangoona maondo anga ali m'fumbi, chipewa chili pambali. Ndinaomba m'manja. Zikhato zanga zouma zinalira ngati nkhuni.

"Zikomo, amayi."

Mawuwo anatuluka osasa, ngati a munthu wodzuka kumene.

"Iyayi, ba Yoramu, nyamukani, bantu bazaona!"

Sindinanyamuke. Ndinaombabe, iye naye akuomba, tonse awiri chogwada, ana ali pakati pathu masaya ali tutu.