Bokosi Lokana Kutuluka

Mwana ndinalera ndekha, koma manambala akufunsa bambo ake.

Tsiku limenelo ndinaweruka miyendo itatupa. Ndinamupeza chisamba changayo ali pa tebulo lodyera, laputopu kutsogolo, foni ataitsamiritsa pa botolo la shuga. Pa nsalu yanga ya patebulo panali chisipika chachikulu ngati beseni, chopanda bokosi. Anampatsa ndi bambo ake, omwewo amene anatisiya iye asanamere mano. Masiku ano amabwereketsa zokuzira mawu m'maukwati, ndipo akumbukira kuti ali ndi mwana wamwamuna.

"Fs ndi zingati, adadi?"

"32," anayankha mawu m'fonimo. "Qts lemba 0.38. Kadonthoko usakaiwale, ungakhome bokosi la maliro."

Anaseka onse awiri. Ine ndikamufunsa ngati wadya amangoti "mm".

"Chimenechi chichoke patebulo panga," ndinatero.

"Dikirani kaye amayi, watsala Vas yekha." Anatembenuza laputopu kuti ndione. "Mukalowetsa manambala a sipika, pulogalamuyi imakuuzani kukula kwa bokosi. Mwauona mzerewu? Ukagona bwino chonchi ndiye kuti besi izigunda pachifuwa. Ikufuna malita 600. Ndikalikhoma bwino, adadi akuti ndikakhale kwawo, ndizikagwira nawo ntchito."

Anazinena ngati akunena za mvula. Ndinalowa kukhitchini, mbale zinamva.

Utuchi pabalaza ndinaukana, ndiye anakakhomera kuchipinda kwake. Matabwa anakadulitsa kwa kalipentala, n'kumalowa nawo limodzilimodzi chopendeketsa. Nditaona thabwa la m'mbali ndinayang'ana chitseko. Chitseko chimenecho ndimachidziwa, chinakana kabati yanga mpaka tinachita kuiphwasula. Pulogalamu yakeyo imadziwa mpweya wa m'bokosi, za zitseko za nyumba ya lendi siizidziwa.

Ndikanatha kunena. Koma nthawi yomweyo foni inalira, iye n'kuti, "Adadi, paipi ya mpweya ija ndidule yaitali bwanji?" Mumtima ndinangoti afunse omwewo, poti ndi odziwa zonse. Ndinamubweretsera tiyi, ndinamugwirira ngakhale thabwa pomwe amapaka guluu. Anapaka wambiri, kuti mpweya usapeze pothawira.

Loweruka bambo akewo anabwera ndi galimoto yonyamula katundu. Anenepa. Analowa ndi nsapato pamalo pomwe ndinali nditangokolopa.

"Mayi a mwana, muli bwanji?"

"Tilipo. Mwana mwamupeza wakula."

Bokosilo anayamba aliyesa m'chipinda momwemo. Mawindo ananjenjemera, masupuni m'kabati analira okha, mayi a nyumba yoyandikana anagogoda khoma. Bambo ake anaika dzanja pabokosi, n'kugwedeza mutu.

"Iwe ndi mwana wanga ndithu."

Magazi okha ndiye awo, koma yunifolomu yonse anachapa ndani?

Kenaka analinyamula. Linafika pachitseko n'kuima. Analitembenuza chagada, linakana. Chammbali, linakana. Anachotsa chitseko pamahinjesi, linasupula penti basi. Mwana wanga thukuta lili kamukamu, anandiyang'ana.

"Amayi, kabati ija tinaitulutsa bwanji?"

"Tinaiphwasula."

"Ili n'lomata ndi guluu."

"Ndiye likhala," ndinatero, ndipo mumtima ndinayamba kale kuganiza zoti ndiphike chiyani cha anthu awiri.

Bambo ake anapukuta manja pa thalauza. "Usadandaule, bwana wamng'ono. Bokosi ndi matabwa chabe. Manambala uli nawo mu laputopumo. Masula sipikayo, tikakhoma lina kwathu. Chitseko cha kushopu n'chachikulu."

Mwana wanga sanachedwe n'komwe. Anamasula masikuluwu, anakulunga chisipika chija m'bulangete langa labwino, chikwama cha zovala chinali chopakira kale kuseri kwa bedi. Pakhomo anandigwira paphewa.

"Ndizibwera, amayi. Bokosilo musaikemo zinthu, lingatenge chinyezi."

Anakhala kutsogolo, laputopu pamiyendo, akuwaonetsa bambo ake mzere uja. Galimoto isanakhote n'kuti akuseka kale.

Bokosi lilipo, latenga theka la chipinda, ndi chibowo chake chozungulira chili yasa. Chitseko anachisiya chotsamira khoma, mahinjesi ali pawindo. Ndinamuimbira kuti adzachibwezeretse. Anayankha ndi mkazi wa bambo ake, akuti ali otanganidwa kushopu, koma ndisade nkhawa, mwana wadya.