Kansonga Kotsalira M'dzino

Mayi telala anali atagwira tsaya, makina osokera ali zii, pamene mlamu wawo analowa m'shopu akulalata.

Dzulo lake dokotala wa mano, mtsikana wochepa thupi, ankatsuka muzu wa dzino lawo lakutsogolo ndi kachitsulo kowonda ngati singano, ndiye kachitsuloko kanathyokera mkati. Dokotalayo sanabise. Anaika zida pansi n'kuwaonetsa chithunzi cha dzinolo, kansonga kakuoneka mbee mkati mwa muzu. Anapepesa, n'kuwauza kuti abwerenso kutupa kukaphwa kuti adzakachotse. Tsopano dzinolo linkawawa mpaka m'khutu.

Mlamu anati kubwerera kwa mwana wophunzirira ntchito pakamwa pa anthu n'kupusa, bola apite kwina akangolizula. Koma dzino limenelo ndi lomwe mayiwo ankadulira ulusi chiyambire kusoka, ndipo kuyenda ndi mpata pakamwa sankafuna n'komwe.

"Alamu, inenso singano imandithyokera m'chovala cha kasitomala," anatero mayiwo, mawu akutulukira mbali imodzi. "Telala woipa amangosita n'kupereka, mwiniwake akabayidwe kunyumba. Mwana uja wandiuza yekha. Akanakhala chete, ine ndikanadziwa bwanji?"

Kutupa kutaphwa anabwereradi, mlamu akuwatsatira monyinyirika. Dokotala anawabaya jakisoni wa dzanzi, n'kuvala magalasi okuzira zinthu, n'kuwerama. Ntchito inatenga nthawi mpaka nsagwada za mayiwo zinalema. Mtsikanayo sanapupulume ayi. Thukuta linali kamukamu pamphumi, koma akangomva kubuula ankaima n'kufunsa ngati apitirize. Abale, kufatsa kwake kunali kwina! Mayi telala, amene sayamikira msanga ntchito ya manja a mnzawo, anagoma ali chiyasamire.

Kenako dokotala anawatambasulira kathonje, pakati pali kachitsulo kochepa ngati kamchenga.

"Ndi aka, mayi. Dzino lanu lapulumuka. Koma ulusi muzidulira sizasi, chonde."

Mayiwo anapempha kansongako. Atafika kushopu anakaponya m'kabotolo momwe amasungiramo nsonga za singano zawo zothyoka, n'kumangirira sizasi pachingwe, n'kuikoleka m'khosi.

Mlamu anakhala pabenchi, lilime likungofufuza dzino lake lobooka limene ankalibisa chaka chonse. Makina atayamba kulira, anasendera pafupi n'kufunsa chapansipansi kuti kodi mtsikana uja mawa adzakhalapo.