Maso a Enifa pa Khoma la Kanema

Ndinalota mayi wa pakhoma la holo ya kanema atatsika, ataima pamthunzi n'kumakonza tsitsi lake lachikasu. Dzuwa linali paliwombo. Pakhomapo panangotsala malo oyera, olingana ndi thupi lake.

Mayiyu ndinamujambula ndine. Anali wa ku Mangalande, wosewera m'mafilimu, ndipo akayamba kuimba amuna a m'tauni mwathu ankaiwala kuti asiya njinga panja. Atamwalira, mwini holo anandipatsa kachithunzi ka m'nyuzipepala kuti ndimujambule pakhoma, anthu azimukumbukira. Kachithunziko kanali kofufutika, pamaso pali mdima wokhawokha. Nanga ndikanatani? Mkazi wanga Enifa anali atakhala pansi pa makwerero, akundidikira kuti tipite kumsika, akundiyang'ana ndi maso ofunsa kuti ndimaliza liti. Ndinatenga maso omwewo n'kuika pankhope ya mzungu, ndipo palibe anazindikira. Enifa anamwalira osajambulitsapo chithunzi, ankati kamera imamunenepetsa. Choncho zaka khumi ndi zinayi chimwalirireni iye ndakhala ndikuima patsogolo pa khoma lija ngati wodikira minibasi, chikhalirecho ndikuyang'ana mkazi wanga.

"Moni, a Likongwe," anatero mayiyo, m'Chichewa chosapunthwa. "Ndabwera kudzabweza katundu wa eni."

"Katundu wanji, mayi?"

"Maso awa. Andithandiza, sindikana. Ndaona nawo mvula, maukwati, ndi inu amene tsiku ndi tsiku. Koma mwini wake akuwafuna."

Ndinapsa mtima, ndipo sindinabise. "Mayi, inu muli ndi mafilimu, dziko lonse limakudziwani. Ine ndili ndi khoma ili basi."

Anangondigwira dzanja, ndipo lakelo linkanunkha penti yaiwisi. Tinalowera pakawindo kogulitsira matikiti, tonse awiri tinakwana. M'katimo munalibe denga. Mipando inali mizeremizere pakati pa munda wa chinangwa, ndipo pamene pankakhala chinsalu choonetsera kanema panali mtsinje waukulu wokhala ndi miyala yopondapo. Okhala pamipando onse anali akufa. Ankadzuka mmodzimmodzi, mwaulemu, n'kumawoloka. Ndinaona telala wathu wakale akuwoloka tepi ili m'khosi.

Enifa anali pampando wakumapeto, manja pamiyendo. Pamene payenera kukhala maso panali khungu losalala. Ndinali nditamusowa koposa mmene ndinkadziwira.

"Abambo a Joyisi, ndinu? Ndamva kutsokomola kwanu."

"Ndine."

"Anzanga onse amene ndinabwera nawo anawoloka kalekale. Ine miyala sindikuiona. Munatenga maso anga osandiuza."

"Ndimati ndikuuzeni."

"Munali ndi zaka makumi atatu zoti mundiuze. Pakamwa panu pankangotuluka za mpira."

Ndinafuna kuseka. Ndinafunsa chimene chinkandivuta. "Mukawoloka, ine ndiziyang'ana chiyani?"

"Inu mwayang'ana zaka khumi ndi zinayi," anatero. "Ine ndakhala pampando."

Ndinapisa m'thumba la shati ndipo ndinapeza burashi yanga yaing'ono, ija yolembera zilembo zowonda. Mayi wa ku Mangalande anagwada pansi monga mwa mwambo wathu, nakweza nkhope. Anayamba kuimba chapansipansi. Ndinanyamula diso lakumanzere pansonga ya burashi. Linali lonyowa, lolemera ngati dzira. Ndinaliika pankhope ya Enifa, ndipo linalowa m'malo mwake. Lakumanja ndinachedwa nalo dala, ndikuliyang'ana, mpaka mayiyo anasiya nyimbo.

"A Likongwe, malizani ntchito," anatero.

Ndinamaliza. Mayiyo anaimirira, pamaso pake pali mdima uja wa m'nyuzipepala, ndipo anandithokoza. Anati tsopano akapuma, kuyang'ana anthu odutsa zaka zonsezi n'kotopetsa.

Enifa anaphethira kawiri. Ndinkaganiza kuti ayamba wayang'ana mtsinje, koma anayang'ana ine, nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwakalamba, inu."

"Ee."

"Ndipo mabatani mwaphonyanso."

Anamasula batani lapamwamba n'kulimanga pamalo pake, nasisita kolala ndi chikhatho. Ndinamva kutentha kwa zala zake pakhosi panga. Ndinafuna kuti mabatani onse akhale ophonya, koma lolakwika linali limodzi lokha.

"Mukafika pakati mucheuke, kamodzi kokha," ndinapempha.

"Wowoloka amayang'ana miyala, abambo a Joyisi."

Anakwinya chitenje, naponda mwala woyamba, kenako wachiwiri. Ankayenda bwino, osaterereka. Ine ndinaima pakati pa chinangwa, burashi ili m'manja, ndikuyang'ana msana wake ukuchepa.

Ndinadzuka ndili pampando wanga pakhonde, dzuwa litapendeka. Mwana wanga Joyisi, amene amandisunga masiku ano, anali akuanula zovala. Anandifunsa ngati ndipite kutauni monga mwa masiku onse, ndipo ndinati ayi. Papita milungu itatu, sindinapitebe. Ndikuopa kukapeza maso aja palibe. Koma chimene ndikuopa kwambiri n'kukawapeza akadali pompo.