Mpanda Umene Festy Anausiya Chigumulire

Festy Mulkerrin, neba wanga, ndiye anatsala pang'ono kundiphera ng'ombe, ndipo dzina lake sindibisa.

Kwathu kuno minda ilibe zitseko. Ukafuna kudutsa umagumula miyala ya mpanda, ukadutsa n'kuisanjanso. Malemu amuna anga ankasanja ngakhale mvula ikuwamenya kumaso. Koma Festy anagumula mpanda wanga kuti bulu wake adutse ndi zibuma za m'dambo zosonkhera moto, n'kupita osabwezera mwala ndi umodzi womwe.

Ng'ombe ndili nayo imodzi, ya bere. Nditapita kukaipatsa udzu, m'munda munali zii. Ndinalondola mapazi mpaka kudambo, n'kuipeza m'dzenje lokumbamo zibumazo, matope akuda atafika m'khosi, ikungondiyang'ana osalira n'komwe.

Ndinakuwa mpaka amuna amene ankakumba mbatata anathamangira ndi zingwe. Festy naye, chipewa kumanja.

"Mayi Bairbre, musalire, ituluka," anatero.

"Akulira ndani? Gwirani chingwe, alesi inu!"

"Ndimati ndidzasanja madzulo."

"Ng'ombeyo munaiuza kuti idikire madzulowo?"

Mdala Pakie Faherty, amene anabweretsa zingwezo, anaseka. "Lowa iweyo, Festy. Sumira ayi, m'mutumo ndi mopepuka."

Analowadi, matope mpaka pachifuwa. Anakulunga chingwe ndi chiguduli kuti chisapweteke bere, n'kuchipisa kunsi kwa mimba. Amuna anakoka, ine ndikukoka nyanga ndi kutukwana. Dzenje linalira fwaa, ng'ombe ili pamtunda! Nsapato za Festy zinatsala momwemo, ndipo zivunde.

Ndinaipukuta ndi udzu wouma, n'kuifunditsa chijasi cha malemu. Kenaka ndinaika dzanja pamimba pake, mtima uli m'mwamba. Kamwana kanakankha. Ndinangokhala pansi m'matope momwemo, n'kumaseka ngati chitsiru. Lero ikudya bwinobwino, moti yandiponda phazi.

Mpanda uja Festy wausanja, wokhota ngati mwendo wa galu, koma waima.

Chandiutsanso mtima n'chakuti potuluka ku Misa azimayi andizungulira, akuti Festy ndi ngwazi, ndimuphikire buledi wa mphesa zouma pomuthokoza. Ine! Inu mukuwerenganu ndiuzeni: munthu akakugwetsera ng'ombe m'dzenje n'kukuvuulira yekha, umam'patsa buledi kapena umam'genda ndi bulediyo? Ndiyankheni msanga, ufa ndaukanda kale.