Khasu Loyamba pa Manda a Manase

Dzuwa linafika pamutu manda a bambo ake a Julius asanakumbidwe. Adzukulu anangokhala pamthunzi, makasu ali pakati pa miyendo.

Pa katauni kameneka, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Hara, khasu loyamba kumanda limaponyedwa ndi munthu amene anayamba kukhala pamalopo. Tsoka lake oyambawo analipo awiri, a Kenan ndi a Golden, onse amoyo, onse pakamwa pakuthwa.

"Ine ndinafika kuno kuli mabango okhaokha," anatero a Kenan.

"Mabango ake ati? Otsala nditadula ine?" anayankha a Golden.

Julius anali asanalawe kanthu chidzulo. Kunyumba ya siwa mayi ake mawu anali atatha, azimayi akubwereza nyimbo zomwe anaziimba kale m'mawa. Kutentha kwa ku Karonga sikudikira kuti mlandu uthe, ndipo bokosilo linali la matabwa wamba.

"Agogo, chonde," anatero, "gwirani khasulo nonse awiri. Bambo agone."

"Khala chete, mwana iwe," anatero a Kenan. "Bambo ako a Manase anali obwera, a ku Mulanje. Kuwaika kuno n'kuwachitira ulemu. Ine ndimawadziwa bwino, tsiku lomwe ndinafika ndinagona pakhonde pawo."

"Pakhonde?" a Golden anaseka. "Ndiye munachedwa, achimwene. Ine ndinawapeza khondelo kulibe, ali mu msasa wa udzu, akukumba ngalande. Anandiphikira tiyi m'chitini."

Bright, mmodzi wa adzukulu aja, anakanda m'mutu. "Ndiye kuti nonse munawapeza?"

A Kenan anayang'ana nsapato zawo.

Julius anayang'ana akuluakulu awiriwo. Moyo wawo wonse bambo ake ankakhala kumbuyo pamisonkhano, akumatchedwa alendo, iwo n'kumangomwetulira. Anafuna kutukwana, koma analibe mphamvu. Anangotenga khasu la Bright n'kuliponya pansi. Dothi linali louma gwa, moti anachita kuponyanso. Adzukulu anadzuka mmodzimmodzi n'kumulandira.

Palibe anamuletsa. Akubwerera kukauza mayi ake kuti ntchito yayamba, anamva a Golden kumbuyo kwake akunong'ona mokweza:

"Komabe wachiwiri ndinali ine."

"Mwayambanso bodza," anatero a Kenan.