Chitseko Chopanda Nyumba

"Chitsekochi si cha pano," anatero Bwanamkubwa, thukuta lili kamukamu. "Kubafa chakana, kuchipinda chakana, kukhitchini ndiye ayi. Nanga n'cha ndani?"

Anali mu shedi ya malemu bambo ake, kalipentala uja, momwe fumbi la matabwa linali likadali pa benchi. Maliro anali atangotha, odzalira atabalalika, mipando yobwereka ili mulu panja. Bwanamkubwa, mwana woyamba, amene dzinalo analipata chifukwa cholamula anthu kuyambira ali m'matewera, ankafuna kusesa shediyo kuti mulowe wina wowotcherera zitsulo. Mlongo wake, Nesi, ankangomuyang'ana cham'mbali. Koma Amayi maso awo anali pa chitsekocho, chatsopano, cholemera, chosalala ngati mbale.

Mtima wa Amayi sunali m'malo, ndipo chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Kwa zaka zambiri, mwezi ndi mwezi, mwamuna wawo ankasowa. Ankakwera njinga, chikwama cha zipangizo kumsana, n'kubwera madzulo chisoso chili thoo m'thalauza, akumwetulira yekha. Ukawafunsa, yankho linali limodzi: "Ndinali koyenda." Pamaliro paja azimayi ena ananong'onezana mokweza dala kuti mwamuna sayenda chabe, kuli nyumba ina kumeneko. Amayi anamva.

Ali chiimire choncho panja panalira kalole. Anatsika dalaivala wina, chipewa chili m'manja.

"Pepani Amayi ndi zovutazi. Malemu anandiuza kuti ndidzanyamule chitseko. Kaya tsopano zikhala bwanji."

"Kupita nacho kuti?"

"Ine ndinkawasiya pa mlatho wogumuka, iwo n'kupitirira pa njinga. Kale tinkayenda madera ambiri, mwezi uno uku, mwezi wamawa uko. Koma chaka chino kunali komweko basi."

"Mwamva?" anatero Bwanamkubwa. "Chigulitsidwe chimenechi. Zotipatsa manyazi ayi."

"Achimwene, tangokhalani chete kamodzi," anatero Nesi.

Amayi anamanga mpango wawo mwamphamvu. "Kwezani chitsekocho. Ngati kuli mkazi, ndikamupatsa ndekha. Ndikufuna ndikamuone nkhope."

Ha, ulendo wake umenewo! Phula linatha, msewu wafumbi unatha, kunatsala mizere iwiri m'udzu, kalole kakudumpha ngati mbuzi. Pa mlatho wogumuka uja anatsika. Tsidya linalo kunali kanjira kamodzi kokha, kopyapyala, kopangidwa ndi tayala la njinga imodzi. Bwanamkubwa ndi dalaivala anasenza chitseko, Nesi chikwama cha zipangizo, Amayi patsogolo ndi ndodo yawo, ndipo ngakhale anali a nyamakazi, tsiku limenelo palibe ankawapeza.

Atakwera kamtunda, Nesi anakuwa. "Mayo ine! Taonani!"

Kumunsiko kunali tauni yathunthu. Nyumba za njerwa zili m'mizere, misewu yake yowongoka, koma denga n'limodzi lomwe panalibe. Thanki yamadzi inaima pa miyendo yachitsulo, dzimbiri lokhalokha. Mtengo wa mkuyu unamera pakati pa holo, nthambi zikutulukira m'mazenera. Kunali zii, kupatula njiwa.

Anawo anaiwala kuti ndi anamfedwa. Nesi analowa m'sitolo ina, naima kuseri kwa kauntala yophwasuka. "Takulandirani bwana, mugula chiyani? Zilipo ndi mileme yokha!" Bwanamkubwa, tayi ili m'khosi, anatsamiritsa chitseko pa khoma n'kuyamba kuthamanga uku ndi uku, foni m'mwamba, akujambula. Anapeza njanji zopita kudzenje la mgodi, anapeza sikelo yaikulu, anapeza sukulu bolodi likadali pakhoma. "Iwe, bwera udzaone! Bambo ankabisa zimenezi? Koma mdala ameneyu!"

Amayi sanaseke nawo. Iwo ankafuna utsi, nkhuku, zovala pa chingwe, chilichonse chosonyeza kuti pano pali mkazi. Ndiye anaona chinthu chimene chinawabaya. Udzu unali wofika m'mapewa paliponse, koma pakhomo pa nyumba iliyonse sitepe ya simenti inali yopalidwa bwinobwino ndi khasu, mpaka kuseseredwa. Nyumba iyi, iyo, inayo, mzere wonse.

"Dzanja la mkazi ili," anadziuza okha. "Atuluke ndimuone."

Nthawi yomweyo Bwanamkubwa anapeza chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo pafupi ndi thanki ija. Mwana ndi mwana basi, ngakhale amere ndevu. Anatola mwala n'kuchimenya.

Ngweee!

Amayi anaima chilili. Kulira kumeneko anakudziwa. Sanakudziwe ndi mutu, anakudziwa ndi miyendo, chifukwa chitsulo chimenecho chikalira, ana onse ankathamangira kumsewu kukachingamira abambo awo ochokera kumgodi. Anayang'ana thanki. Anayang'ana kutsetsereka kwa msewu. Kenaka anataya ndodo yawo n'kuliyatsa liwiro.

"Amayi! Mugwa!" anakuwa Nesi, akuwathamangira.

"Kumanzere! Kuseri kwa holo kuli mpopi! Ukadutsa mpopi, nyumba yomaliza!"

Mpopi unalipodi, wouma. Nyumba yomaliza inaliponso, yopanda denga ngati zinzake. Amayi anagwada pa sitepe, akupuma mwawefuwefu. Pakona pa simentiyo panali kaphazi ka mwana, kodindika bwino, kachala kakang'ono katatagalala. Wina anali atakatsuka mpaka m'mipata ya zala.

"Phazi langa ili," anatero, akuseka, misozi ili chuchuchu. "Ndinaponda simenti isanaume. Anandikwapula bambo anga tsiku limenelo, sindidzaiwala!"

Bwanamkubwa ndi dalaivala anafika ndi chitseko, pakamwa pali yasa.

"Ine ndinabadwira muno, ana inu. Mgodi utatsekedwa anatikweza m'malole ngati matumba. Ndinali kamwana, sukulu ndisanayambe. Makolo anga sanachedwe kumwalira, ndipo amene anandilera sankafuna n'komwe kumva za kuno. Njira sindinaidziwe, dera sindinalidziwe. Chimene ndinkakumbuka n'chakuti a kampani anabwera kudzazula chitseko ife tikadali m'nyumba, mayi anga akumanga katundu, anthu odutsa akutionera."

"Ndiye bambo munawauza?" anafunsa Nesi.

"Kamodzi kokha, tili achinyamata. Za phazi, za chitseko. Anangoti 'oho,' n'kupitiriza kupala thabwa lawo. Ine n'kumati munthuyu samva."

Apa m'pamene anayang'ananso mzere wa masitepe opalidwa aja, ndipo manyazi anawagwira, chisoni chinawagwira, chimwemwe chinawagwira, zonse pakamodzi. Mkazi wosesa kunalibe. Anali mwamuna wawo, wa mawondo owawa uja, akugwada khomo ndi khomo, tauni yakufa ndi tauni yakufa, kupala dothi kufunafuna kaphazi kamodzi.

"Munthu wopusa," anatero Amayi motsitsa. "Osangondiuza bwanji? Ine zaka zonsezi kumamuwerengera chisoso m'thalauza!"

Nesi anawagwira phewa. "Nanga mkazi uja mwamuona nkhope, Amayi?"

"Ndamuona. Wamfupi, wolongolola. Sindikudziwa chimene anamukondera."

Dalaivala anaseka mpaka kukhala pansi. Bwanamkubwa sanaseke. Anali akusisita felemu ya pakhomopo, ndipo inali yatsopano, yomangidwa bwino m'njerwa zakalezo, malo a mahinjesi atasemedwa kale. Anavula tayi, naiika m'thumba.

"Iwe Nesi, ndipatse chikwamacho."

Ntchito sankaidziwa mnyamatayo, tisanamizane. Anadzimenya chala, anatukwana pang'ono, Nesi akumuuza kuti wagwira mozondoka. Koma chitsekocho chinalowa mu felemu ngati chabwerera kwawo, osasiya mpata ngakhale wolowa mphemvu. Bwanamkubwa anabwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yake, kenaka anakwinya nkhope.

"Koma apa pokha bambo analakwitsa. Chogwirirachi achiika m'munsi kwambiri. Munthu mpaka awerame?"

Amayi anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo. Moyo wawo wonse zitseko za anthu ankazitsegula atakweza mkono. Anaima pa sitepe paja, natambasula dzanja mmene linalili, ndipo linagwera pa chogwiriracho ndendende.

Anatsegula. Sichinalire, sichinakhule pansi. Analowa m'nyumba yopanda denga ija, dzuwa likuwawomba pamutu, n'kutseka pang'onopang'ono.

Anawo anadikira panja. Patapita kanthawi Bwanamkubwa anagwira chogwirira chija kuti alowe.

"Ayi," anatero Amayi m'katimo. "Ugogode kaye. Muno ndi kwathu."